KUGAWANA NTCHITO NDIWO MOYO WA MZINDA

Nkhani yokambidwa kwa amisiri, amalonda ndi anthu apantchito a mu mzinda wa Blantyre

Pamene boma linawerenga anthu m'chaka cha 2018, linapeza kuti mu mzinda wa Blantyre munali anthu pafupifupi 800,000. Mwa anthu onsewa, ndi owerengeka okha amene ali ndi munda woti nkudyetsa banja chaka chathunthu. Nkovuta kupeza mmodzi amene amadziombera yekha nsalu yovala, kapena kudziphikira mchere, kapena kudzisulira mpeni. Komabe dzuwa likamalowa, anthu ambiri a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri amakhala atadya ndiponso atavala. Palibe ofesi imene imakhala pansi m'mawa ndi kulamula kuti matumba akutiakuti a ufa apite ku msika wa Limbe, madengu akutiakuti a matimati apite ku msika wa Blantyre. Nanga zimatheka bwanji? Yankho lake ndi kugawana ntchito. Tsono nkhani ino ikufuna kuonetsa ubwino wa kugawana ntchitoko, malire ake, ndiponso mtengo umene munthu amalipira akalowa m'menemo.

Chitsanzo chapafupi ndi mbale ya nsima imene anthu apantchito amadya pa mmemo masana ku Makata kapena ku Ginnery Corner. Chimanga chake chinalimidwa ndi mlimi amene wodyayo sadzamuona nkomwe. Wina anachipikula, wina anachinyamula pa lole, wina nachigaya pa chigayo choyendera magetsi ochokera ku Nkula pa mtsinje wa Shire. Ndiwo za usipa zinachokera kwa msodzi wa ku Mangochi, matimati anachokera ku Bvumbwe kapena ku Ntcheu, madzi anapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, ndipo mbaula inakhomedwa ndi mmisiri wa ku Ndirande. Ngakhale mmemo weniweniwo ndi kugawana ntchito, pakuti anthu khumi amasonkha ndalama, mmodzi naphika, kuti enawo asasiye ntchito zawo nkumakasonkha moto aliyense payekha.

Mapini a Adam Smith

Munthu amene anatchuka koposa pa kufotokoza nkhani imeneyi ndi Adam Smith, amene anabadwira ku Kirkcaldy m'dziko la Scotland m'chaka cha 1723 ndipo anaphunzitsa pa yunivesite ya Glasgow. M'chaka cha 1776 iye anatulutsa buku lotchedwa The Wealth of Nations, limene limafunsa chimene chimachititsa kuti mitundu ina ya anthu ilemere pamene ina ili pa umphawi. Mkuluyu sanayambe buku lake ndi golide kapena mafumu ayi. Analiyamba ndi mapini, tizitsulo tosongoka tija atelala amagwirira nsalu asanasoke.

Iye anaona kuti ntchito yopanga phini imodzi inali ndi mbali pafupifupi 18. Wina ankasolola waya, wina kumuwongola, wina kumudula, wina kumusongola, wina kukonza kamutu kake. M'kafakitale kena, anthu 10 ogwira ntchito motere ankatha kupanga mapini oposa 48,000 pa tsiku, kutanthauza mapini 4,800 munthu mmodzi. Koma munthu wosaphunzira ntchitoyo, akanati agwire yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sakanafika ngakhale pa mapini 20.

Smith anapereka zifukwa zitatu, ndipo zonse zitatu zimaoneka ndi maso mu mzinda uno. Choyamba, luso limakula munthu akakhazikika pa ntchito imodzi. Munthu amene wakhala zaka zambiri akusankha fodya amadziwa mtundu wa tsamba pongoliyang'ana ndi kulikhudza, pamene mlendo pa ntchitoyo amataya nthawi nasakanizabe masamba abwino ndi oipa. Chachiwiri, nthawi siitayika pochoka pa ntchito ina kupita pa ina. Amisiri opanga mipando ku Ndirande amadziwa zimenezi, nchifukwa chake wina amapala matabwa, wina amalumikiza, wina amakuta nsalu, wina napaka vanishi. Chachitatu, ntchito ikapatulidwa payokha, nzeru zopangira makina oigwirira zimabwera msanga. Kusinja kunali ntchito ya mayi aliyense pa mtondo wake. Lero chigayo chimodzi chimatumikira dera lonse, ndipo maola aja amayi ankathera pa mtondo amagwirira ntchito zina.

Pasakhale munthu woganiza kuti nzeru imeneyi inabwera pa sitima ya pamadzi. Pamene David Livingstone anafika ku chigwa cha Shire ndi ku mapiri ano m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu ndi mipeni, akupota thonje ndi kuomba nsalu. Ena ku chigwa ankaphika mchere, ena ankapha nsomba, ndipo zinthu zimenezi ankasinthana. Wosula ankapeza mpata wokulitsa luso lake chifukwa anthu ofuna makasu ankamubweretsera chakudya. Makolo anafotokoza zonsezi m'mawu ochepa pamene anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, chikuimabe lero monga mboni ya oumba njerwa, owotcha, omanga ndi opala matabwa a dziko lino, aliyense pa mbali yake.

Malire ake ndi msika

Koma pali mfundo ina ya Smith imene ili yofunika koposa kwa anthu a mu mzinda uno, ngakhale kuti kawirikawiri imaiwalika. Iye anaphunzitsa kuti kugawana ntchito kumafika pokhapo pamene msika wafika. Anthu 10 aja angathe kupanga mapini 48,000 pa tsiku, koma ngati ogula alipo ochepa, fakitaleyo idzatsekedwa mwezi usanathe, ndipo ambiri mwa iwo adzabwerera kumudzi. Nchifukwa chake kalipentala wa kumudzi lero amapanga chitseko, mawa bokosi la maliro, mkuja akukhoma denga, ndipo mvula ikagwa ali kumunda. Iye sangakhazikike pa chinthu chimodzi chifukwa ogula chinthu chimodzicho sakwana. Mnzake wa mu mzinda angathe kudyetsa banja ndi mafelemu a zitseko okha, pakuti omanga nyumba ndi ambiri.

Mbiri ya Blantyre ndi Limbe ndi mbiri ya msika wonka nukula. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, patatha zaka 100 chitulukire buku la Smith, ndipo nyumba ya Mandala, ya kampani yamalonda ya African Lakes, inamangidwa mu 1882. M'masiku amenewo katundu yense ankakwera phiri pa mitu ya amtengatenga kuchokera ku madooko a pa Shire. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo pa nthawi yomweyo kampani ya Imperial Tobacco inakhazikitsa ntchito zake ku Limbe. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, sitima zinayamba kuyenda osaduka mpaka ku doko la Beira. Okushoni ya fodya inayamba ku Limbe mu 1938, matauni awiriwa analumikizidwa mu 1956, ndipo njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Nthawi iliyonse pamene njira inatseguka, panabadwa ntchito zatsopano zimene kale kunalibe: oyendetsa sitima, okonza injini, osankha fodya, makalaliki, olemba mabuku a ndalama.

Phunziro lomweli linabweranso mowawa m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Katundu wambiri anayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban, ndipo mtengo wonyamulira unakwera kwambiri. Njanji inaduka kutali, koma ululu wake unamveka m'mafakitale ndi m'masitolo a ku Limbe. Munthu wa mu mzinda, amene wasiya khasu ndi kudalira malipiro, moyo wake umakhala pa njira zimene sanazionepo.

Tsono mfundo imeneyi imathandiza kumvetsa chinthu chimene aliyense amachiona akayenda m'misika ndi m'misewu ya mzinda uno. Amayi ambiri andandalika malo amodzi, onse akugulitsa matimati ofanana pa mtengo wofanana. Tinyumba totumizirako ndalama pa foni tayandikana ngati zisa za njuchi. Mnyamata mmodzi lero akugulitsa zovala, mawa ali pa ganyu yoponda matope, mkuja akusenza katundu pa depoti. Ena amathamangira kunena kuti anthuwa alibe nzeru zamalonda, nawakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma anthuwa mwambiwo akuudziwa bwino. Vuto ndi lakuti ogula ali ndi ndalama zochepa, motero ntchito imodzi siikwanitsa kudyetsa banja, ndipo anthu ambiri akungogawana makasitomala ochepa omwewo.

Nanga msika wa mmisiri wa mu mzinda uli kuti? Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse a m'dziko lino ankakhala kumidzi. Smith analemba kuti malonda aakulu a dziko lililonse ndi a pakati pa mzinda ndi midzi. Mlimi wa ku Chiradzulu kapena ku Thyolo akakolola bwino nagulitsa pa mtengo wabwino, amagula malata, ndowa, njinga, yunifolomu ya mwana ndi mpando. Akakolola pang'ono, kapena msewu wa kwawo ukaduka ndi mvula, nyundo ya wokhoma ndowa ku Ndirande imakhala chete. Munthu wa mu mzinda amene amakondwa akaona mlimi akugulitsa mbewu zake motaya akudula nthambi imene wakhalapo.

Pakati pa maiko

Katswiri wina wa maphunziro a zachuma, David Ricardo wa ku London, anapititsa patsogolo nkhaniyi m'buku lake la 1817. Pogwiritsa ntchito chitsanzo cha nsalu ndi vinyo pakati pa England ndi Portugal, iye anaonetsa kuti ngakhale dziko limodzi litaposa linzake pa zinthu zonse ziwiri, maiko onse awiri amapindulabe ngati lililonse likhazikika pa chimene limachita bwino koposa, nasinthana. Telala wamkulu aliyense amaidziwa mfundo imeneyi. Iye amatha kusoka suti, ndipo amathanso kuika mabatani msanga kuposa mnyamata amene akuphunzira ntchito. Komabe mabataniwo amamusiyira mnyamatayo, chifukwa ola limene iye angathere pa mabatani ndi ola limene suti yaima.

Mfundoyi ndi yoona, koma ili ndi msampha kwa amene aimva mwatheka. Pa nthawi ya atsamunda dziko lino linapatsidwa gawo lolima fodya, tiyi ndi thonje, ndiponso lotumiza amuna ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia. Kwa zaka zambiri pambuyo pa ufulu wa 1964, fodya yekha ankabweretsa ndalama zoposa theka la zimene dziko linkapeza pa malonda akunja. Wolima tsamba amalandira gawo lochepa. Gawo lalikulu limapita kwa amene amalisandutsa chinthu chomalizidwa. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, imene inayamba ntchito mu Blantyre mu 1967, inaonetsa kuti thonje la m'dziko lino lingathe kupotedwa, kuombedwa ndi kunyikidwa utoto konkuno, ndipo inalemba ntchito anthu masauzande. M'zaka za m'ma 1990 msika unadzaza ndi kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo zochokera kunja, ntchito inachepa, ndipo mu 2003 fakitaleyo inagulitsidwa kwa eni ake atsopano.

Apa nkofunika kukumbukira kuti Smith sankakhulupirira kuti munthu amabadwira ntchito yakutiyakuti. Iye anati kusiyana kwa munthu wophunzira kwambiri ndi wonyamula katundu mumsewu kumachokera makamaka pa chizolowezi ndi maphunziro. Ngati zili choncho kwa munthu, zilinso choncho kwa dziko. Chilumba cha Mauritius chinkadalira nzimbe, koma kuyambira mu 1970 chinatsegula mafakitale opanga zovala zogulitsa kunja, ndipo anthu ake anaphunzira ntchito zatsopano. Malawi ndi membala wa SADC ndi COMESA, ndipo misika ya Tete, Chipata, Lusaka ndi Harare ili pafupi. Mmisiri amene katundu wake ndi wabwino moti nkudutsa malire a dziko wakulitsa msika wake, ndipo ali ndi mpata wolemba ena ntchito ndi kuwagawira mbali zawo.

Walira mvula walira matope

Kugawana ntchito kuli ndi mtengo wake, ndipo Smith yemweyo sanaubise. Chakumapeto kwa buku lake iye anachenjeza kuti munthu amene moyo wake wonse amangogwira kantchito kamodzi kobwerezabwereza sapeza mpata wogwiritsa ntchito nzeru zake, ndipo nzeruzo zimafooka. Pali choopsa chinanso: fakitale ikatsekedwa, munthu amene ankangodziwa kuyang'anira makina amodzi amatuluka pa chipata alibe luso loti nkugulitsa kwina. Mankhwala amene Smith anapereka ndi sukulu. Anati boma liyenera kuonetsetsa kuti ana a anthu wamba aphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu asanalowe ntchito.

Dzina la mzinda uno lili ndi chitsanzo chake. Blantyre wa ku Scotland, kumene Livingstone anabadwira mu 1813, unali mudzi wa fakitale yopota thonje. Ali ndi zaka 10 iye analowa ntchito m'fakitaleyo, ndipo ntchito yake inali yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Chimene chinamupulumutsa kuti asathere moyo wake pa ulusi woduka chinali sukulu ya madzulo imene ankapitako akaweruka. Mu mzinda uno, sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909, Polytechnic mu 1965, imene kuyambira 2021 ndi yunivesite ya MUBAS, ndipo bungwe la TEVETA loona za maphunziro a ntchito zamanja linakhazikitsidwa mu 1999. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994. Kholo limene lichotsa mwana pa sukulu kuti akagulitse majumbo mumsewu lapindula makobidi a lero, koma lamangirira mwanayo pa kantchito kamodzi kwa moyo wake wonse. Chimodzimodzinso mmisiri wamkulu amene asunga mnyamata zaka zitatu akungopala matabwa, osamuonetsa kayezedwe ndi kalumikizidwe, wamubera mnyamatayo tsogolo lake.

Kukhulupirika

Smith amadziwikanso ndi mfundo yakuti wopha nyama ndi wophika buledi sapatsa anthu chakudya chifukwa cha chifundo, koma chifukwa chofuna kupeza zosowa zawo. Ena amatenga mfundoyi ngati chilolezo cha umbombo ndi chinyengo, koma akulakwitsa. Mu 1759, zaka 17 asanalembe za chuma, Smith anali atatulutsa kale buku la The Theory of Moral Sentiments lonena za chikumbumtima ndi kumverana chisoni, ndipo anachenjezanso kuti amalonda a mtundu umodzi akakumana amakonda kupangana zokweza mitengo mopweteka ogula.

Zoona zake ndi zakuti munthu sangasiyire mnzake ntchito ngati sakumukhulupirira. Makaniko amene aika sipeyala yakale nanena kuti ndi yatsopano, womanga amene achepetsa simenti nachulukitsa mchenga, wogulitsa amene akhoma mbale yoyezera kunsi kuti ilowe pang'ono, onsewa akuwononga zambiri kuposa thumba la munthu mmodzi. Mwini nyumba amene sakhulupirira womanga amasiya ntchito yake nakhala pa malo omangapo tsiku lonse akuwerenga matumba a simenti, ndipo ntchito ya anthu awiri imasanduka ya munthu mmodzi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi udindo woona kuti katundu akhale pa muyezo woyenera, koma palibe bungwe limene lingaime pambuyo pa mmisiri aliyense. Sikelo yoona ndi mawu osasintha ndiwo maziko amene kugawana ntchito kumaimapo.

Pomaliza, pali ntchito ina imene akatswiri akale a zachuma sanaiwerenge mokwanira. Adam Smith sanakwatire, ndipo zaka zambiri za moyo wake anakhala ndi mayi ake, Margaret Douglas, amene ankasamala za pakhomo pamene iye ankalemba. Bambo amene afika pa ntchito ku Chirimba 7 koloko ili pafupi, atasamba, atadya, malaya atasitidwa, amatero chifukwa wina anadzuka kusanache kukatunga madzi ndi kukoleza moto, ndipo kawirikawiri mayi yemweyo amanyamukanso kupita ku msika kapena ku ofesi. Ntchito imeneyi ilibe malipiro pakutha pa mwezi, koma itaima tsiku limodzi mafakitale ndi maofesi angamve kulemera kwake. Banja limene ligawana ntchito mwachilungamo, ndi kutumiza mwana wamkazi ku sukulu pamodzi ndi mlongo wake, likukulitsa chuma cha mzinda wonse.

Amayi ndi Abambo, munthu wa mu mzinda waika moyo wake m'manja mwa anthu amene sawadziwa, ndipo iwonso aika moyo wawo m'manja mwake. Tsono aliyense adziwe ntchito yake mpaka pansi pake ndipo aigwire moona mtima. Mmisiri aphunzitse wophunzira wake ntchito yonse. Kholo lisunge mwana pa sukulu. Wogula alipire mlimi mtengo woyenera, podziwa kuti ndalamayo idzabwerera ku mzinda kudzagula ndowa ndi malata. Ndipo amene ali ndi udindo wosamala misewu, njanji, magetsi ndi madzi akumbukire kuti njira iliyonse yotseguka imabala ntchito yatsopano, ndipo njira iliyonse yoduka imabwezera mmisiri ku ganyu.